Kodi mumadziwa? Ku Japan kanema amaonera ali zii, ku America mbuliwuli ili m'mwamba

Kodi mumadziwa kuti ku Tokyo anthu akhoza kudzaza nyumba ya kanema, n'kukhala maola awiri popanda ndi mmodzi yemwe wonong'oneza mnzake? Filimu ikhale yankhonya kapena yachikondi, onse amangoti zii, maso patsogolo, ndipo ngakhale pachoseketsa ambiri amaseka chamumtima. Ana 10 a pa vidiyo sho ya kumsika wa Lundazi angapose phokoso la holo yonseyo filimu isanayambe n'komwe.

Nanga ikatha? Kwathu kuno mdani wamkulu akangogwa, anthu ali kale pakhomo, koma ku Japan ambiri sasuntha mpaka mayina onse a anthu amene anagwira ntchito pafilimuyo atatha kuyenda ndipo magetsi atayaka. Pa mafilimu akuluakulu a masiku ano, kudikira kumeneko kumatenga mphindi pafupifupi 10.

Ndipo mayinawo si ochepa ayi. Muli ojambula, osoka zovala, ophika, oyendetsa magalimoto, ngakhale owerengera ndalama. Filimu ya Iron Man 3 yokha inali ndi mayina oposa 3,000.

Anthu a ku America n'ngosiyana kwambiri: mayina akangoyamba, mipando imayamba kulira. Kampani ya Marvel inapeza njira yowakhazika pansi, yobisa kachidutswa ka filimu kumapeto kwenikweni kwa mayinawo, ndipo inayamba zimenezi ndi Iron Man mu 2008. Choncho Mjapani amadikira chifukwa cholemekeza amene anagwira ntchito, pomwe mnzake wa ku America amadikira nyambo ya mphindi imodzi kapena ziwiri.

Kodi munayamba mwagulapo kabuku ka filimu? Ku Japan munthu akamatuluka amatha kugula kabuku kosindikizidwa bwino, kokhala ndi zithunzi, mayina a osewera ndi zokambirana ndi amene anaitsogolera, n'kukakasunga kunyumba. Mtengo wake nthawi zambiri umayandikira theka la tikiti.

Tikitiyo nayonso si yotchipa. Kwa zaka zambiri munthu wamkulu ankalipira mayeni 1,800, koma mu 2023 kampani ya TOHO Cinemas inakweza kufika pa 2,000, omwe panthawiyo anali madola 13 kapena 14. Wofuna kuchepetserako amadikira pa 1 Disembala, tsiku la kanema m'dzikolo, pamene mtengo umatsika kufika pa mayeni 1,000.

Filimu isanayambe, pamabwera kamunthu kovala suti, mutu wake uli kamera, kakuvina mopindikapindika mpaka kugwidwa ndi mnzake wamutu wa nyali ya apolisi. Ndi chenjezo limene Ajapani akhala akuonera kuyambira 2007, loti kujambula filimu mobisa ndi mlandu. Chilango chake chikhoza kufika zaka 10 m'ndende kapena mayeni 10 miliyoni, pomwe ku America wopezeka koyamba sapitirira zaka 3.

Foni nayo ili ndi mwambo wake. Ngakhale m'sitima yapamtunda Mjapani sayankha foni, ndiye m'nyumba ya kanema kungowalitsa kagalasi kake n'kulakwira holo yonse. Ana osakwana zaka 18 ku Tokyo saloledwa kuonera filimu yotha usiku kwambiri, ngakhale atabwera ndi makolo awo, ndipo malire ake ndi 11 koloko.

Koma musaganize kuti m'menemo simudyedwa kanthu. Mbuliwuli ilipo, zakumwa zilipo, ngakhale mowa amagulitsa ndithu ndipo munthu amalowa nawo. Chosiyana n'chakuti potuluka aliyense amanyamula kapu ndi katoni kake n'kukapereka pakhomo, monga momwe ochemerera mpira a dzikolo anatolera zinyalala m'mabwalo a World Cup ku Russia mu 2018 ndi ku Qatar mu 2022.

Tsopano gwirani mpando, pakuti ichi ndiye chokoma koposa. Kodi mumadziwa kuti dziko lachete limeneli ndi lomwe linali ndi kanema wolongolola kuposa mayiko onse? M'masiku a mafilimu opanda mawu, pambali pa chinsalu pankaima munthu wotchedwa benshi, amene ankafotokoza nkhani yonse ndi kulankhula m'malo mwa osewera, ndipo mu 1927 anthu a ntchito imeneyi analipo oposa 6,800.

Benshi ankasintha mawu, pano ndi nkhalamba, pano ndi namwali, pano ndi mbava. Ankawonjezera nthabwala zake, ankamasulira zachilendo za m'mafilimu ochokera kunja, ndipo dzina lake linkalembedwa pa zikwangwani zoitanira anthu. Ena monga Tokugawa Musei anatchuka mpaka anthu ankatsata iwo kuposa filimuyo.

Mphamvu za anthu amenewa ndi chimodzi mwa zifukwa zimene zinachedwetsa mafilimu olankhula ku Japan. America inayamba ndi The Jazz Singer mu 1927, koma abenshi anakana kuchoka mwakachetechete, mpaka ananyanyala ntchito mu 1932, ndipo mmodzi mwa iwo anali mkulu wake wa Akira Kurosawa, katswiri wa mafilimu uja. Yasujiro Ozu anadzatulutsa filimu yake yoyamba ya nkhani yolankhula mu 1936, patapita zaka 9.

Kodi ntchito imeneyi sikukukumbutsani munthu wina? Ndi yomweyo imene amagwira ma DJ a ku Malawi omwe amaika mawu a Chichewa pa mafilimu a ku China, India ndi America, mafilimu amene amayenda pa mamemori khadi mpaka kudzafika kuno kummawa kwa Zambia. Msilikali wa ku Hong Kong amapatsidwa dzina lakwathu, amakalipa m'Chichewa, ndipo benchi yonse imagwa ndi phwete, ndendende zimene Tokyo inkachita zaka 100 zapitazo.

Si ife tokha. Ku Uganda amawatcha ma VJ, ndipo filimu ya Who Killed Captain Alex? ya 2010, yojambulidwa ku Wakaliga mumzinda wa Kampala, inatchuka padziko lonse pamodzi ndi mawu a VJ Emmie amene amalongolola kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Ndalama zimene inadya pojambula sizinafike madola 200.

Ine ndimaona kuti DJ wabwino ndi mmisiri weniweni, osati wosokoneza filimu monga ena amanenera. Iye amatsegulira khomo agogo amene sadziwa Chingerezi ndi mwana amene sanayambe kuwerenga. Ajapani analemekeza luso limeneli kotero kuti mpaka lero alipo abenshi ochepa, monga mayi Midori Sawato, amene anayamba ntchitoyi m'zaka za m'ma 1970.

Kodi agogo anu anakusimbiranipo za bayisikopo yoyenda pa lole? Pakati pa 1935 ndi 1937, gulu la Bantu Educational Kinema Experiment linajambula mafilimu ku Tanganyika n'kumawazunguza mpaka ku Nyasaland ndi Northern Rhodesia, mawu ake akumveka pa mbale za galamafoni m'zinenero monga Chinyanja, Chibemba ndi Chitumbuka. M'zaka ziwiri zokha anapanga mafilimu 35.

Kenako kunabwera Central African Film Unit, yomwe likulu lake linali ku Salisbury. Inayamba mu 1948, m'nyengo yomwe DC Errol Button ankamanga Castle yathu ya pa Boma la Lundazi, ndipo mafilimu ake ankaonetsedwa panja, womasulira ali pambali ndi chimkuzamawu. Pofika 1963 inali itatulutsa mafilimu oposa 600.

Koma anthu sankafuna kwenikweni mafilimu ophunzitsa kukumba zimbudzi ndi kusunga ndalama ku positi. Mtima wawo unali pa akaubowi. Ku migodi ya Copperbelt, kumene amuna ambiri ochokera kuno kummawa ankapita kukagwira ntchito, bayisikopo inkaonetsedwa pabwalo mlungu ndi mlungu. Owonera ankatha kupitirira 1,000 usiku umodzi.

Mayi wina wa ku America wofufuza za chikhalidwe cha anthu, Hortense Powdermaker, anakhala ku Luanshya mu 1953 ndi 1954 n'kumakaonera nawo. Anapeza amuna akuimirira, akuponya nkhonya m'malere, akuchenjeza kaubowi wawo mokuwa, phokoso lake mpaka kukwirira mawu a filimu. Kaubowi aliyense wopambana, kaya filimu ndi iti, kwa iwo anali ndi dzina limodzi: Jack.

Chifukwa chake chinalipo. Chingerezi cha akaubowi ankachimva ndi ochepa, komanso boma la atsamunda linkadula zigawo zimene linkati n'zosayenera maso a anthu akuda, moti nkhani inkafika yodukaduka. Owonerawo ankalumikiza okha pokambirana mokweza, choncho bwalo lonse linkagwira ntchito imene ku Japan inkagwiridwa ndi benshi mmodzi.

Chosangalatsa n'chakuti mayi yemweyu anali atangomaliza kufufuza anthu a ku Hollywood, n'kulemba buku lonena za iwo mu 1950. Anayamba waona kumene mafilimu amaphikidwa, kenako anadzaona kumene amadyedwa. Kuchoka ku Los Angeles kufika ku Luanshya ndi mtunda woposa makilomita 15,000.

Ndipotu ife kukhala chete pomvera nkhani sitinazolowere chiyambire. Agogo akayamba nthano, ana amayenera kuyankha kuti "tili tonse", apo ayi nthanoyo imaima, ndipo pabwalo la gule amayi oimba ndi kuwomba m'manja ndi mbali ya gule yemweyo. Kodi mumadziwa kuti Gule Wamkulu, Vimbuza ndi masewero a kabuki a ku Japan, zonse zitatu UNESCO inazilengeza kuti ndi chuma cha dziko lonse m'chaka chimodzi, 2005?

Kabuki nayenso ali ndi okuwa ake. Kumipando yakumwamba, yotchipa, kumakhala akatswiri amene amafuula dzina la banja la wosewera pa nthawi yake yeniyeni, ndipo wosewerayo amalimba mtima akalimva. Masewero amenewa anayamba cha m'ma 1603, ndiye kuti apitirira zaka 400.

Tiwoloke nyanja tsopano. Kodi mumadziwa kuti kale ku America munthu ankalowa m'nyumba ya kanema nthawi iliyonse, ngakhale filimu ili pakati? Ankaonera mpaka kumapeto, n'kudikira kuti iyambirenso, akafika pamene anaipezera n'kunyamuka, zonsezi pa tikiti imodzi.

Amene anagwedeza chizolowezi chimenechi ndi Alfred Hitchcock. Potulutsa Psycho analamula kuti filimu ikangoyamba pasalowenso munthu, ndipo pakhomo panaikidwa chithunzi chake akuloza wotchi. Eni nyumba za kanema ankaopa kuluza, koma anangoona mizere ikukhota m'misewu, ndipo chimenecho chinali chaka cha 1960.

Tikabwerera m'mbuyo kwambiri, vuto lalikulu silinali foni koma zipewa. M'tinyumba toyambirira ta kanema, monga kamene kanatsegulidwa ku Pittsburgh mu 1905, ankaonetsa pa chinsalu pempho loti amayi avule zipewa zawo zazikulu kuti akumbuyo aone. Polowa munthu ankalipira masenti 5.

Ku Tokyo vuto ankaliona pena. Apolisi ankada nkhawa ndi zimene anyamata ndi atsikana angachite mumdima, ndiye anagawa mipando patatu: amuna kwaokha, akazi kwaokha, okwatirana kwaokha. Lamulo limeneli linatuluka mu 1917.

Nanga mbuliwuli, chimanga chomwechi chophulika? Poyamba eni nyumba zapamwamba za kanema ku America ankaikana, poopa kuti idetsa makapeti awo, ndipo ogulitsa ankangoima panja pamsewu. Umphawi wa m'ma 1930 utafika, eni nyumbazo anazindikira kuti chimene chingawapulumutse ndi kathumba ka masenti 5 kapena 10.

Nkhondo yachiwiri itavuta, shuga anasowa ndipo maswiti anachepa, mbuliwuli n'kutenga malo. Mpaka lero nyumba za kanema zimadalira kwambiri zodyera ndi zakumwa, popeza gawo lalikulu la ndalama za matikiti limapita kwa eni filimu. Pofika 1945, mbuliwuli yoposa theka ya imene inkadyedwa mu America monse inkatafunidwira m'nyumba za kanema.

Anthu a ku America amakonda kuti chisangalalo chimveke. Pamene Captain America ananyamula nyundo ya Thor mu Avengers: Endgame ya 2019, maholo anaphulika ndi mfuu ndi m'manja. Amene anali pa vidiyo sho usiku umene Stoppila Sunzu anamwetsa penate yomaliza ya timu ya Zambia ku Libreville mu 2012 akulidziwa phokoso lake, lija la 8 kwa 7.

Pali filimu ina imene kukhala chete ndiye kulakwa. Pa The Rocky Horror Picture Show, owonera amabwera pakati pa usiku atavala ngati osewera, amayankha mawu a m'filimu, amavina, ndipo pa chigawo cha ukwati ankamwaza mpunga weniweni. Inatuluka mu 1975 ndipo sinachokebe m'nyumba za kanema mpaka lero.

Inanso ndi The Room ya 2003, imene ambiri amati ndi imodzi mwa mafilimu oipitsitsa amene anajambulidwapo. Anthu amaikonda chifukwa cha kuipa komweko, ndipo chithunzi cha supuni chikangooneka m'chipindamo amaponya masupuni apulasitiki kutsogolo. Munthu mmodzi amatha kubwera ndi paketi yathunthu.

Mu Epulo 2025 zinafika pena. Pa A Minecraft Movie, achinyamata ankadikira kachigawo kamene kamwana kena kamakwera nkhuku, n'kukuwa, kukwerana pamapewa ndi kumwaza mbuliwuli holo yonse, ndipo ku Utah wina analowa ndi nkhuku yamoyo. M'malo ena anachita kuitana apolisi, koma filimuyo inapeza madola oposa 900 miliyoni.

Apa ndiye pamene ine sindigwirizana nawo. Kukuwa n'kwabwino, kuvina n'kwabwino, koma zotayidwazo amasesa ndi wantchito wolandira malipiro ochepa, anzake atapita kale kukagona. Pakati pa filimu ina ndi inzake amangopatsidwa mphindi zowerengeka.

Si onse ku America amene amalekerera. Nyumba za Alamo Drafthouse, zomwe zinayambira ku Austin m'chigawo cha Texas mu 1997, zimachenjeza wolankhula kapena wogwira foni kamodzi kokha, kachiwiri n'kumutulutsa osamubwezera ndalama. Mu 2013 mwini wake analengeza kuti ngakhale Madonna asadzapondeko mpaka atapepesa, zitamveka kuti ankalemba mauthenga pa foni pakati pa filimu ku New York.

Mu 2016 mkulu wa AMC, kampani yaikulu koposa ya nyumba za kanema ku America, ananena kuti mwina angalole mafoni m'maholo ena pofuna kukopa achinyamata. Anthu anakalipa kwambiri pa intaneti. Ganizolo linafa pasanathe masiku atatu.

Kodi mungakonde kuonera muli m'galimoto mwanu, kuti mulongolole mmene mungafunire? Zimenezi zinayambira ku Camden m'chigawo cha New Jersey mu 1933, pamtengo wa masenti 25 galimoto ndi masenti 25 munthu. Pofika 1958 mabwalo otere anali oposa 4,000, koma lero atsala pafupifupi 300.

Chaka chomwecho cha 1958 ndi chimene Japan inaonera kanema koposa. Matikiti oposa 1.1 biliyoni anagulidwa, kutanthauza maulendo 12 pa munthu aliyense, kuwerengera ndi makanda omwe. Wailesi yakanema italowa m'nyumba zinatsika, ndipo mu 2019 Mjapani sankafika n'komwe maulendo awiri pa chaka.

Komabe akaikonda filimu amaikonda zenizeni. Demon Slayer: Mugen Train inatuluka mu Okutobala 2020, mliri wa Covid uli mkati, ndipo inagwetsa Spirited Away pampando umene inakhalapo kuyambira 2001. Mu Japan mokha inapeza mayeni oposa 40 biliyoni.

Ndiye kodi Mjapani akafuna kukuwa amatani? Amagula tikiti ya chionetsero chapadera cha ochemerera, chimene chimalengezedwa padera, ndipo kumeneko amaloledwa kufuula, kuimba ndi kugwedeza timitengo towala. Mchitidwewu unafala ndi filimu ya King of Prism mu 2016, kotero filimu imodzi ikhoza kukhala ndi maholo awiri, ina ili zii, ina ikugwedezeka.

Mafilimu a ku India ndiwo anamasula Ajapani kwambiri. Muthu ya Rajinikanth itafika mu 1998 inawatenga mtima, ndipo lero pali zionetsero zimene anthu amavina ndi kumwaza timapepala tamitundumitundu, zikatha n'kuthandizana kusesa. Mbiri ya Muthu yopeza ndalama zambiri kuposa mafilimu ena a ku India m'dzikolo inakhala yosaphwanyidwa mpaka RRR itabwera mu 2022, patatha zaka 24.

Pa nthawi ya Covid anachita kupanga zionetsero zochemerera popanda mawu, m'manja ndi timitengo towala basi. Malo ena a zisangalalo pafupi ndi phiri la Fuji anapempha okwera makina othamanga mochititsa mantha kuti azikuwira mumtima. Akuluakulu awiri a kampaniyo anajambulitsa atakwera okha, nkhope zili gwa, kuchokera poyambira mpaka potsikira.

Nanga ife nyumba ya kanema yamipando yofewa tingaipeze kuti? Munthu wa ku Lundazi ayenera kutsika makilomita pafupifupi 180 kukafika ku Chipata, n'kugwira Great East Road mpaka ku Lusaka. Ulendo wonsewo ndi makilomita pafupifupi 750, pomwe vidiyo sho ili pongodumpha msewu.

Koma mafilimu athu akufika kutali kuposa pamenepo. Rungano Nyoni, wobadwira ku Lusaka, anapata mphoto ya BAFTA mu 2018 ndi I Am Not a Witch, ndipo mu 2024 analandiranso ina ku Cannes ndi On Becoming a Guinea Fowl. Kumeneko ku Cannes anthu amaimirira powomba m'manja, ndipo Pan's Labyrinth mu 2006 anaiwombera kwa mphindi 22.

Filimu ina inajambulidwa kuseri kwa malire athu enieniwa. The Boy Who Harnessed the Wind ya 2019, yosimba za William Kamkwamba wa ku Wimbe m'boma la Kasungu, ili ndi Chichewa chochuluka moti Chiwetel Ejiofor anachita kuphunzira chinenerochi kuti asewere ngati bambo wa mnyamatayo. Mukadzaionera, chemererani mmene mungathere mphepo ikayamba kuzunguza makina aja, koma ikatha musathamangire pakhomo: khalani pabenchi, muwerenge dzina la Lily Banda ndi mayina ena akwathu amene akuyenda pagalasipo.